Kodi Zambia ndife amantha? Yankho kwa mayi wa pamsika wa Kapata

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene amagulitsa zitenje ndi nsapato pamsika wa Kapata kuno ku Chipata. Akuti mwana wawo ndiye anawalembera pafoni. Funso lawo ndalifupikitsa chonchi: "Ndimamva pawailesi kuti pulezidenti wa ku Zimbabwe anakatineneza kwa Putin. Ku Congo amazunza madalaivala athu. Ngakhale a ku Malawi anathamangitsapo a Sata ngati wakuba. Ife timangoti chete. Kodi Zambia ndife amantha? Bwanji osatseka malire mwezi umodzi kuti aone kuti nafenso ndife anthu?"

Amayi, zikomo pondilembera. Mkwiyo umene uli m'funso lanu ndimaudziwa, nanenso umandigwira. Pena mwalasa, ndipo ndivomera tikafikapo. Koma pa zotseka malire ndikukanirani.

Mankhwala amenewa tinawamwapo kale. Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analengeza kuti Rhodesia (Zimbabwe ya lero) yadzilamulira, azungu ochepa n'kukhala pamutu pa anthu akuda. Nthawi imeneyo moyo wathu wonse unkadzera kumwera: kopa popita kunyanja, mafuta pobwera, malasha a ku Wankie oyendetsera migodi. Mu Januwale 1973 Smith anatseka malire, ati kulanga a Kaunda chifukwa chosunga omenyera ufulu. Pasanathe mwezi umodzi anabweza mawu n'kutsegula, koma a Kaunda anati ayi, mbali yathu ikhalabe yotseka. Kunali kulimba mtima, ndipo mpaka lero ndimawapatsa ulemu. Komabe mu Okutobala 1978 a Kaunda omwewo anatsegula njanji ya kumwera, Smith akulamulirabe. Chinawagonjetsa ndi feteleza. Mvula inali pafupi, alimi manja ali m'khosi. Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi mpaka ku Dar es Salaam, inali itatha mu 1975, koma doko la kumeneko linadzaza katundu mpaka kusefukira. Njanji ya Benguela yodzera ku Angola nayo inali itatsekeka ndi nkhondo. Dziko linapirira zaka zisanu pa mlandu wolungama, wothandiza abale athu kupeza ufulu, koma linatsala pang'ono kugwada.

Zambia ilibe nyanja ya mchere, ndipo yazunguliridwa ndi maiko 8: Congo, Tanzania, Malawi, Mozambique, Zimbabwe, Botswana, Namibia ndi Angola. Tili ngati banja limene nyumba yake ili pakatikati pa mudzi. Popita kuchitsime udutsa pabwalo la uyu, kudimba pakhonde la uyo, ngakhale maliro popita kumanda adutsa kuseri kwa nkhokwe ya wina. Munthu wotere sayamba ndewu mwachisawawa, ngakhale akhale ndi mphamvu zotani.

Kwa ife a Kum'mawa nkhaniyi ndi yapakhomo penipeni. Kuchoka ku Chipata, Lilongwe sikwana makilomita 150, pamene Lusaka imapitirira 550. Inu amayi, zitenje zinazo mumakaoda kuti? Pa Mwami, malire athu ndi Malawi, pakatsekedwa mwezi umodzi, nduna ya ku Lilongwe idzadya nsima yake monga mwa masiku onse. Amene adzagone ndi njala ndinu, mnyamata wonyamula katundu panjinga, ndi mayi wa ku Mchinji amene mlongo wake wadwala kwa Mpezeni. Enawo adzangolowa njira za zalewa, n'kumakamenyedwa ndi kulandidwa katundu kutchire usiku.

Malire enieniwo sitinalembe ife. Angerezi ndi Apwitikizi anagawana dera lino mu 1891, ndipo mzere wa pakati pa ife ndi Malawi umangotsata mtunda umene madzi a mvula amagawikana, ena kutsikira ku Luangwa, ena ku nyanja ya Malawi. Mzerewo unadula minda, manda ndi maukwati. N'chifukwa chake pa Kulamba ku Mkaika mafumu a ku Malawi ndi a ku Mozambique amabwera kudzagwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Mu 2007 a Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Guebuza anakhala pamodzi pabwalo lomwelo, apulezidenti atatu kukhala alendo a mfumu imodzi.

Ubale womwewu unatsala pang'ono kutiyatsira moto. Mu 1968 a Kamuzu Banda analankhula poyera kuti dziko lenileni la Amalawi ndi lalikulu kuposa limene azungu anawasiyira, ndipo m'mawu awowo munalowa chigawo chathu chino, mbali ina ya Tanzania ndi ya Mozambique. A Kaunda sanachite nawo manyazi, anakana mwaukali pagulu. Koma asilikali sanawatumize ku Mchinji. Anaima pa mfundo imene maiko a mu Africa anagwirizana ku Cairo mu 1964, yoti malire amene tinawapeza polandira ufulu akhale momwemo, poopa kuti aliyense akayamba kufukula za makolo ake nkhondo sidzatha. Ndipo kumbukirani kuti anthu awiriwa ankasiyana kwambiri. A Banda anatsegula ubale ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, pamene Lusaka inali kusunga othawa tsankho lomwelo. Chikhalirecho Zambia ndi Malawi sanamenyanepo nkhondo. Pamene SADCC, bungwe la maiko a kumwera kwa Africa limene pano ndi SADC, inkabadwa ku Lusaka pa 1 Epulo 1980, Malawi anaitanidwa n'kukhala nawo. Ine zimenezi sindizitcha mantha.

Chimene chimandiletsa kulakalaka ndewu ndinachiona ndi maso anga. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndinali mwana wa pulaimale kumudzi kwa amayi, dera la Chadiza, pafupi ndi malire a Mozambique. Zigawenga za RENAMO, zimene zinkamenyana ndi boma la Mozambique, zinkawoloka kudzalanda ng'ombe, chimanga ndi mankhwala, kupha anthu ndi kugwira ena kuti awasenzere katundu. Dzuwa likapendeka amayi ankaphika msanga, n'kuthira madzi pamoto kuti utsi usaoneke. Tinkatenga mphasa ndi bulangete limodzi kukagona kudimba, pansi pa nthochi, udzudzu uli ng'waa m'makutu. Mlongo wanga wamng'ono akayamba kulira, amayi ankamutseka pakamwa ndi chitenje, iwonso akunjenjemera. Agogo aamuna ankakana kuchoka, ankati sangasiye khola. M'mawa tinkayamba tasuzumira patali ngati denga lilipo, kenako n'kuwerenga mbuzi.

Ndipo kunabwera othawa nkhondo. Ndikukumbuka mayi wina amene anafika pakhomo pathu ndi mphika pamutu, mwana kumsana, mapazi atang'ambika. Ankalankhula Chichewa chathu chomwechi, kungoti apa ndi apo ankaponyamo mawu a Chipwitikizi. Atatchula mfunda wake, agogo anangoti, "Uyu ndi mwana wathu, mupatseni madzi." Ambiri otere boma linawasamutsira ku Ukwimi, m'boma la Petauke. Ku Malawi anafika pafupifupi 1 miliyoni.

Asilikali athu anabwera, ndipo nthawi zina ankazithamangitsa zigawengazo mpaka kulowa m'Mozambique. Tinawathokoza. Koma chimene chinatibwezera m'nyumba kuti tizigona pamphasa zathu ndi pangano limene a Joaquim Chissano, pulezidenti wa Mozambique panthawiyo, ndi a Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa RENAMO, anasaina ku Rome pa 4 Okutobala 1992, atakambirana zaka zoposa ziwiri. Anthu ovala majekete, amene ife kumudzi tikanati akungodya ndalama m'mahotela, ndi amene anazimitsa moto uja.

Ngakhale pa nkhondo imeneyo, mawu aukali analipo. Mu Seputembala 1986 a Samora Machel a ku Mozambique, a Kaunda ndi a Mugabe anapita ku Blantyre kukauza a Banda pamaso kuti RENAMO ikudzera m'dziko lawo, ndipo a Machel anaopseza kuti atseka malire. Mwezi wotsatira, pa 19 Okutobala, a Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini akuchokera ku msonkhano ku Mbala kuno kwathu. Zinthu zikanatha kuipa kwambiri pamenepo. M'malo mwake Malawi ndi Mozambique anapangana, ndipo asilikali a Malawi anapita kukalondera njanji ya Nacala.

Tsono za a Sata. N'zoona, mu 2007, ali otsutsa boma, anafika ku Blantyre kukaona a Bakili Muluzi, boma la a Bingu n'kuwakaniza kulowa, kuwakweza galimoto mpaka kudzawatula pa Mwami pompano. Chinali chipongwe. Atapambana chisankho mu 2011 anafuna kuti Malawi ipepese, ndipo ku msonkhano wa COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a dera lino, ku Lilongwe sanapite, anatuma a Guy Scott. Apo ndiye kukwiya kwa boma: osapita, kutuma wachiwiri, uthenga n'kumveka bwinobwino, koma inu n'kumawolokabe ndi katundu wanu. Ndiye a Bingu atamwalira mu Epulo 2012, Malawi ili pa vuto la mafuta, anthu akugona pamizere, a Sata omwewo anatumiza mafuta kuti maliro ayende. Kwathu kuno ngakhale munayambana bwanji, pamaliro umapita ndi nkhuni.

Ntchito ya akazembe ndimaifanizira ndi ya ankhoswe. Banja likayambana, ankhoswe sakuwa pamsewu. Amabwera madzulo, amakhala kuseri kwa nyumba, amamva uku ndi uku, ndipo zambiri zimene anena sitizimva. Woona patali amati palibe chikuchitika. Taonani nkhani ya nyanja pakati pa Malawi ndi Tanzania. Malawi imagwira pangano la Angerezi ndi Ajeremani la 1890, limene linaika malire m'mphepete mwa nyanja mbali ya Tanzania, pamene Tanzania imati malire adutse pakati pa madzi. Mu 2012 nkhaniyi inatentha chifukwa cha zofufuza mafuta pansi pa nyanja. Anaitana a Chissano, a Thabo Mbeki ndi a Festus Mogae kuti akhale pakati. Mlanduwo sanaumalize. Koma asodzi akuponyabe makoka, ndipo sitinamve kuti mizinga yalira ku Karonga. Nthawi zina mphamvu ya ankhoswe imathera pomwepo, poti anthu asatengerane zikwanje mlandu ukadali pabwalo.

Za Zimbabwe nazo zili chimodzimodzi. Mkangano unayamba mu Ogasiti 2023, pamene a Nevers Mumba anatsogolera gulu la SADC loyang'anira chisankho cha kumeneko, n'kunena kuti zina sizinayende motsata malamulo. A ku Harare zinawapweteka. Mu Juni 2024 a Mnangagwa, pulezidenti wa Zimbabwe, ali ku St Petersburg anadandaula kwa Putin kuti Amereka akulimbitsa mphamvu zawo m'Zambia. Boma lathu silinangoti chete monga mukuganizira. Nduna ya zakunja, a Mulambo Haimbe, anaiyankha nkhaniyi m'nyumba ya malamulo ndipo anaitengera ku SADC ndi ku African Union. Mwina mukuti n'zochepa. Koma damu la Kariba ndi la tonse awiri, madzi ake timagawana kudzera m'bungwe limodzi la Zambezi River Authority, ndipo chaka chomwecho chilala chinali chitatiika mumdima maola ambirimbiri patsiku. Ukalumbira kuti sudzalankhulanso ndi munthu amene mumatunga naye chitsime chimodzi, mawa m'mawa mudzakumanabe pomwepo, ndowa zili m'manja.

Tsopano pamene mwalasa. Madalaivala athu ku Congo amavutikadi, ndipo kudekha kwa boma kukasanduka kuiwala anthu ake, pamenepo ine ndili mbali yanu. Mu Ogasiti 2024 boma linatsekadi malire a Congo, kuphatikizapo Kasumbalesa, pambuyo poti Congo yaletsa mowa ndi zakumwa zochokera kunja ndipo zionetsero za kumeneko zinaika madalaivala pangozi. Anatseka masiku owerengeka okha, nduna za mbali zonse n'kukumana ku Lubumbashi, n'kutsegula. Kutseka kumeneko ndinakuvomereza, chifukwa kunali koteteza miyoyo ndipo khomo la zokambirana linali lotsegula. Chimene chimandipweteka n'choti makamera akachoka, dalaivala amatsala yekha ndi mavuto omwe aja, ndipo palibe amene amabwera kudzatiuza kuti zimene anapanganazo zafika pati. Ife a m'malire timamva za mapangano pawailesi, osafunsidwa n'komwe. Njanji ya Chipata ndi Mchinji anaitsegula ndi nthungululu mu 2010, koma ndi kangati mwamva sitima ikulira? Nyumba yatsopano ya pa Mwami, imene a Hichilema ndi a Chakwera anatsegula mu Disembala 2022 kuti munthu azidinditsa malo amodzi, ndi yokongola ndithu. Koma ngati mayi wa zitenje khumi akuopabe kudzera pageti, ubale wa maiko awiriwa sunafike kwa iye.

Choncho, amayi, mkwiyo wanuwo musautaye, koma muulozetse koyenera. Funsani phungu wanu kuti madalaivala a ku Congo akutetezedwa bwanji. Funsani chifukwa chake ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono ambiri pamsika saidziwa. Ndipo ulendo wina mukapita kukaoda, mudzandilembere zimene mwakumana nazo pa Mwami: mwaima nthawi yaitali bwanji, mwalipira zingati, risiti anakupatsani kapena ayi. Ndidzazilemba pano, dzina lanu osalitchula.