Chingwe cha makina otchetchera: zimene zinandionekera ku Santhe

Bambo amene mukuti chingwe chatsopano chikukana kutuluka ngakhale mugogode mutu wa makina pansi, zimitsani kaye injini, muzule chipewa cha pulagi, ndipo aliyense amene angakuuzeni kuti muikemo waya musamumvere ngakhale pang'ono. Ndikulemba mtima ukundiwawa chifukwa funso lanu landikumbutsa tsiku limene sindifuna kulikumbuka.

Unali mwezi wa February, Lachisanu, mvula itagwa sabata yonse, ndipo akuluampingo anandipempha kuti nditchetche bwalo la tchalitchi chathu kuno ku Santhe popeza mawa lake kunali ukwati. Chingwe chinandithera cha m'ma 10 koloko m'mawa, bwalo lisanafike ndi theka lomwe. Ndinakwera minibasi mpaka pa boma la Kasungu, ndinalowa m'sitolo ina ya zipangizo, ndipo ndinanena momveka bwino kuti ndikufuna chingwe cha mamilimita 2.4, monga zinalembedwera pamutu wa makina anga. Wogulitsayo ananditulutsira cha mamilimita 3, chimene chinali chitakhalitsa pawindo mpaka mtundu wake kuyezuka ndi dzuwa, nanditsimikizira kuti zingwe zonse n'chimodzimodzi, kuti chokhuthala ndiye cholimba, ndiponso kuti pokulunga palibe mbali yolakwika. Munthu ameneyu ankadziwa kuti cha 2.4 analibe, koma m'malo monena zoona anasankha kundidyera ndalama.

Nditabwerera, ndinakulunga chingwecho mothamanga nditakhala pakati pa udzu. Polowa m'timabowo ta mutu chinali chothina, koma ndinachikakamiza. Nditaliza injini, inayamba kulira molemedwa, chingwe chinaduka kawiri pakamwa penipeni pa bowo, ndipo kugogoda pansi sikunathandize kanthu. Potsegulanso mutuwo sipuling'i inadumpha n'kugwera m'tsekera, moti ine ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 14, tinaifufuza chogwada pafupifupi ola lathunthu, kumwamba mitambo ikuda, amayi a mvano amene ankakonza m'tchalitchi akungotiyang'ana. Titaipeza, ndinaona kuti chingwe chija chinali chitasungunuka n'kumatirirana m'kati chifukwa ndinachikulunga mopingasa. Pamenepo mnyamata wina wodutsa panjira anandiuza kuti iwo amaikamo waya wa buleki ya njinga, ndipo poona kuti dzuwa lapendeka ndinavomera. Wayayo anatchetcha bwino kwa mphindi zochepa chabe. Atangogunda mwala wa m'mphepete mwa maziko, kachidutswa kanathothoka, ndipo ndinangomva kukuwa kumbuyo kwanga. Mwana uja anali atakhala pansi atagwira msongolo, magazi akutuluka pakati pa zala, kawaya katalowa m'mnofu. Ndinamunyamula pa njinga ya kabaza kupita naye kuchipatala manja anga akunjenjemera, ndipo njira yonse ndinkangoganiza kuti kachitsulo kameneko kakanakwera pang'ono kakanamulasa m'diso. Mawu amene mlongo wanga anandiyankhula usiku umenewo sindingawalembe pano. Bwalo analimaliza achinyamata a mpingo ndi zikwakwa m'bandakucha.

Lolemba lake ndinabwerera kusitolo kuja ndi chingwe chotsala, koma wogulitsayo sanafunse n'komwe za mwanayo. Anangondilozera chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa, n'kunena kuti vuto ndi ine wosadziwa makina. Mpaka lero ndikadutsa pakhomo pake mtima umandinyamuka, chifukwa anthu otere amagulitsa chinthu chimene sanachigwirepo chibadwire, ndipo amayankhula molimba mtima ngati amakaniko.

Tsono inu chitani motere. Tsegulirani mutuwo pakhonde kapena pa chiguduli, osati m'udzu, kuti sipuling'i isakusowereni. Yang'anani nambala ya chingwe yolembedwa pamutu kapena m'kabuku ka makina, kenako mupeze muvi umene uli pa kawilo kokulungirapo, pakuti chingwe chimayenera kutsata muviwo. Mukakulunga mobwerera, sichituluka kapena chimangokhuthuka chonse. Pamutu ngati wanga mamita 4 amakwana. Muchipinde pakati, mukole popindapo pa kampata ka pakati pa kawilo, ndipo mbali iliyonse iyende mu mpata wakewake, mizere yogundizana bwino, yokoka koma yosakwerana. Ndikukhulupirira kuti vuto lanu lili pamenepa, kapena mwadzaza chingwe mopitirira muyeso. Musiye nsonga ziwiri za masentimita pafupifupi 15, muzitulutsire m'timabowo, mutseke mpaka chivundikiro chimveke kuti chagwira, ndipo muzikoke ndi dzanja musanalize injini. Pogogoda pansi injini ikhale ikuthamanga ndithu, chifukwa liwiro ndilo limakoka chingwe kuti chituluke. Mukafuna kuchotsa mutu wonse, dziwani kuti pa makina ambiri a petulo amene chitsulo chake chachitali chochokera ku injini n'chowongoka umamasuka mukaupotozera kumanja, mosiyana ndi manati ena, ndipo ambiri amauwononga poulimbitsa akuyesa akumasula.

Chingwe cha nayiloni chikauma chimathetheka, choncho muchiviike m'ndowa ya madzi tsiku limodzi musanachikulunge, ndipo chotsala muchisunge pamthunzi. Chotchinga cha pamwamba pa mutu wa makina musachichotse, popeza kampeni kake ndiko kamadula chingwe kuti chisatalike n'kulemetsa injini, komanso ana akhale kutali mamita 15 monga timabuku ta makinawa timanenera.

Kunena zoona, udzu wa kuno nthawi ya dzinja ndi wokhwima, ndipo cha 2.4 chimatha msanga pa tsekera ndi nsenjere, moti ine masiku ano ndimaika cha 2.7 ngakhale pamutu panalembedwa 2.4, ndipo chikundigwirira ntchito. Pamene pali thengo lenileni ndi bwino kumangirira mpeni wachitsulo umene umabwera ndi makina, chingwe n'kuchisiyira kapinga ndi m'mphepete mwa nyumba. Ogulitsa musawakhulupirire msanga, komabe popita kukagula munyamule mutu wonsewo kuti wogulitsa akuyezereni chingwe m'kabowo inu mukuona, ndipo ngati pa boma palibe chokwana, tumani munthu wopita ku Lilongwe akakuyang'anireni m'masitolo a ku Malangalanga. Jambulani kawilo kanu mmene mwakakulungiramo muike chithunzi pagulu pano madzulo ano, ndikuuzani ngati chingwe chatsata muvi kapena ayi.