Mwana akufuna ukochi wa basketball, mayi akuti unamwino basi

Mayi ena a ku Indiana andilembera kuti mwana wawo ali chaka chachiwiri ku koleji koma makalasi akujomba, tsiku lonse amangokhala ku jimu kutolera mipira ya timu ya basketball, akuti akufuna adzakhale kochi. Iwo akufuna achite unamwino, mpaka amuopseza kuti asiya kumulipirira lendi. Makalata ngati awa amandipeza chaka chilichonse ikakwana Malichi, ana akaonera March Madness, mpikisano waukulu wa basketball ya makoleji ku America, mitu imazungulira.

Ndiyambe ndi iwe mnyamata. Kochi amene ukumuona pa TV atavala suti akukalipira ma refa uja amagona tulo ta khoswe. Matimu a Division I, gawo lapamwamba la makoleji, alipo opitirira 350 koma mu mpikisano uja mu 2025 analowa 68 okha, otsalawo mabwana awo ndi anthu opereka ndalama kusukulu amayamba kunong'onezana. Kochi Ben Howland anafikitsa yunivesite ya UCLA ku Final Four, ndime ya matimu 4 omaliza, zaka 3 zotsatizana, 2006 mpaka 2008, koma 2013 anamuchotsa atangotenga kumene ligi ya Pac-12. Kevin Ollie anatenga chikho cha dziko lonse ndi yunivesite ya Connecticut (UConn) mu 2014, pofika 2018 anali panja. Kwanu komweko ku Indiana University, Archie Miller anamuthamangitsa mu 2021, anthu olemera anasonkha ndalama zoposa madola 10 miliyoni kungoti achoke msanga.

Mwina ukuti aaa bola amachoka ndi ndalama. Eya, mkulu wake yekhayo. Ma assistant ambiri amakhala pa kontrakiti ya chaka chimodzi, bwana akapita nawonso amalongedza, watsopano amabwera ndi anthu ake, ndiye ganiza uli ndi mkazi ndi ana kusukulu mu Epulo ukuyimba mafoni kufunsa ngati kuli malo ku Texas kapena ku Montana. Pano zavutirapo chifukwa osewera amasamuka mmene afunira kudzera mu transfer portal, kaundula wa ofuna kusintha sukulu, ndipo kuyambira 2021 amapanga ndalama za NIL, zolipidwa pogwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi chawo, timu umaimanga chaka chino chaka chamawa theka lapita. Tony Bennett wa ku Virginia, yemwe anatenga chikho mu 2019, anangosiya yekha mu Okutobala 2024 ponena kuti mmene zinthu zasinthira sakukwaniramonso.

Tsono chimene chikundikwiyitsa ndi kujombako. Khomo lolowera ukochi wa ku koleji kwa ambiri ndi graduate assistant, kuthandiza kochi uku ukuchita digiri yachiwiri, ndipo pamenepo popanda digiri yoyamba sakuyang'ana nkomwe. Ukudula nthambi yomwe wakhalira.

Ine ndikanakhala iwe ndikanachita digiri ya uphunzitsi, masamu kapena PE (zolimbitsa thupi), nkutenga laisensi yophunzitsira ya boma la Indiana. Ku high school kochi nthawi zambiri amakhala mphunzitsi, malipiro ndi inshuwalansi zimachokera mkalasi, ukochi amangokuwonjezera kangachepe. Timu ikagonja chaka chonse akhoza kukulanda wezulo koma choko chimatsala mmanja. Komanso ku Indiana mpira wa ku sekondale si masewera ayi, Lachisanu usiku holo imadzadza. Pakadali pano pempha akulembe ngati student manager, wophunzira wothandiza timu, mwalamulo, phunzira kudula mavidiyo a magemu usiku ena atagona, ma kochi amakumbukira mwana amene amawapeputsira ntchito osati wodziwa kudanka.

Inunso mayi, pepani koma mukulakwitsa. Unamwino ndi ntchito yabwino, ndikudziwa kuti ndi imene yamangitsa nyumba zambiri kumudzi, koma mwana wosaufuna akalowa mokakamizidwa amakagwa pa anatomy chaka choyamba chomwecho, fizi nkupita pachabe. Za lendi zija zisiyeni. Muuzeni akuonetseni magiredi a semesita ino, akakhala bwino ku jimu azipita. Kutolera mipira tsiku ndi tsiku popanda womulipira si ulesi, pamenepo ndiye ndamuvulira chipewa pang'ono, koma Lolemba 8 koloko akapezeke mkalasi.