Massimo Pallottino ndi nkhani ya Aetrusika

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti palibe amene amatha kuwerenga Chietrusika, chilankhulo cha Aetrusika, anthu akale a chapakati pa dziko la Italy, kuti komwe anthuwa anachokera sikudziwika, ndiponso kuti katswiri woti muyambe naye ndi ndani. Yambani ndi Massimo Pallottino wa ku Italy, chifukwa moyo wake wonse anautha polimbana ndi maganizo awiri amene mwatchulawo.

Pallottino anabadwira ku Rome mu 1909 ndipo anamwalirira komweko mu 1995. Mphunzitsi wake anali Giulio Quirino Giglioli, yemwe anafukula chiboliboli cha Apollo ku Veii mu 1916. Pallottino anamaliza maphunziro a pa yunivesite mu 1931 ndi kafukufuku wa mzinda wa Aetrusika wa Tarquinia, anagwira ntchito kunyumba yosungiramo zinthu zakale ya Villa Giulia, anakaphunzitsa ku Cagliari, kenaka anabwerera ku Rome kumene anaphunzitsa pa yunivesite ya La Sapienza mpaka 1980. Buku lake lalikulu, Etruscologia, linatuluka mu 1942 ndipo analikonza mobwerezabwereza.

Za kochokera, mkanganowu ndi wakalekale. Herodotus, wolemba mbiri wakale wa Chigiriki, analemba kuti Aetrusika anabwera panyanja kuchokera ku Lydia, komwe lero ndi ku Turkey. Wolemba mbiri wina wa Chigiriki, Dionysius wa ku Halicarnassus, anakana, amvekere ndi eni nthaka. Ena a m'mbuyo muno ankati anatsika kuchokera kumpoto kwa mapiri a Alps. M'buku la 1947 lakuti L'origine degli Etruschi, Pallottino anati funsolo ndilo lolakwika: mtundu wa anthu sufika tsiku limodzi utanyamula chilankhulo, milungu ndi maluso zonse zopsa kale. Umapangika pang'onopang'ono pamalo. Umboni uli m'nthaka. Ku Tarquinia, Veii, Caere ndi Vulci, midzi ya nyengo ya Villanova, cha m'ma 900 BC pamene ankawotcha maliro n'kuika phulusa m'mitsuko, inakula pamalo omwewo mpaka kusanduka mizinda, popanda chizindikiro chakuti adani anadzawononga n'kuyamba zatsopano. Katundu ndi zojambula za kum'mawa zimene zinachuluka cha m'ma 700 BC zinabwera ndi malonda a Afoinike ndi Agiriki. Kafukufuku wa DNA ya mafupa akale amene anatuluka mu 2021 anapeza kuti Aetrusika ankafanana kwambiri ndi anansi awo Alatini, anthu a m'dera la Rome. Kwa ine, apa mkuluyu anaona patali.

Tsono chilankhulo. Chietrusika chimawerengeka bwinobwino, chifukwa zilembo zake anazitengera kwa Agiriki cha m'ma 700 BC. Aetrusika ankalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo m'malemba awo a tsiku ndi tsiku mulibe b, d kapena o. Vuto ndi kumva tanthauzo. Zili ngati munthu wa ku Dedza kuwerenga mokweza nyuzipepala ya ku Finland: mawu atuluka, koma mutu wa nkhani osaugwira. Malemba alipo pafupifupi 13,000, koma ambiri ndi afupiafupi, a pamanda ndi pa mphatso zoperekedwa kwa milungu. Lalitali kuposa onse ndi Liber Linteus, buku lansalu lomwe analing'amba n'kukulungira mtembo ku Egypt. Tsopano lili ku Zagreb, ndipo lili ndi mawu pafupifupi 1,200 a miyambo yachipembedzo.

Kumene ambiri amagwa ndi apa: amatenga liwu la Chietrusika n'kulifananitsa ndi la chilankhulo china chifukwa choti akumveka mofanana. Ena ayesa ndi Chiheberi, ena Chihangare, ena Chialubaniya, ndipo aliyense amatulutsa zake. Njira imene Pallottino anaidalira ndi yotopetsa koma yolimba. Mumasonkhanitsa malemba onse amene liwu likupezekamo, n'kuona chinthu chimene lalembedwapo ndi mawu oyandikana nalo. Pamabokosi a maliro a amuna pamabwera clan pambuyo pa dzina la kholo, pa a akazi pamabwera sec kapena puia. Motero clan ndi mwana wamwamuna, sec mwana wamkazi, puia mkazi wa munthu. Avils amatsagana ndi nambala, ndiye kuti ndi zaka za womwalirayo. Kenaka mumayerekeza ndi mmene Alatini ndi Aumbriya, anansi a Aetrusika, ankalembera pamanda kapena m'mapemphero awo, poti anthu oyandikana amatsata ndondomeko zofanana. Kuti ntchitoyi itheke, mu 1954 Pallottino anatulutsa Testimonia Linguae Etruscae, mndandanda wa malemba ofunika okhala ndi manambala, n'chifukwa chake m'mabuku mumaona TLE ndi nambala.

Mu 1957 Pallottino anayambitsa ntchito yofukula ku Pyrgi, doko la Caere, lero Santa Severa. Mu Julayi 1964, pakati pa akachisi awiri, anapeza timapepala titatu tagolide topindidwa, ta cha m'ma 500 BC: tiwiri m'Chietrusika, kamodzi m'Chifoinike. Tikunena kuti Thefarie Velianas, wolamulira Caere, anapereka malo opatulika kwa mulungu wamkazi Uni, amene m'Chifoinike akutchedwa Astarte. Anthu anasangalala poganiza kuti kiyi yapezeka, koma malemba awiriwo samasulirana liwu ndi liwu. Aliyense anafotokoza nkhaniyo mwanjira yake. Komabe anatsimikizira kuti ci ndi 3, chifukwa ci avil akugwirizana ndi "zaka zitatu" za m'Chifoinike. Timapepalato tili ku Villa Giulia.

Pallottino analandira mphoto ya Balzan mu 1982 ndi ya Erasmus mu 1984, ndipo ophunzira ake Giovanni Colonna, Mario Torelli ndi Mauro Cristofani anapitiriza ntchitoyo. Chimene chikuvutabe ndi mwala wa pachilumba cha Lemnos ku Greece, wa zaka za m'ma 500 BC, wolembedwa m'chilankhulo chapachibale ndi Chietrusika. Akatswiri akutsutsanabe ngati anthuwo anachoka ku Italy kupita kumeneko kapena ngati ndi otsalira a chilankhulo chakale chomwe chinali chofala m'dera lonselo.