Kodi ufa wa "stem cell" ungadzutse bambo anga?

Mayi wina wa ku Namwera wandilembera pa imelo. Bambo awo anafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko, ndipo munthu wina pa Boma akugulitsa timapaketi ta ufa, ati muli ma stem cell okonzanso thupi. Mayiyo akufunsa ngati n'zoona asanagulitse mbuzi kuti agule ufawo.

Mayi, pepani ndi matendawa. Mbuzizo musagulitse.

Wamalondayo watola dzina la chinthu chenicheni. Thupi lathu ndi maselo, tizidutswa tamoyo tating'onoting'ono, ndipo selo likakhwima limakhala ndi ntchito yake imodzi: la khungu ndi la khungu basi. Mu 2006, Shinya Yamanaka ndi Kazutoshi Takahashi a pa yunivesite ya Kyoto ku Japan analowetsa majini anayi (ma gene, malangizo amene selo limatsatira), Oct4, Sox2, Klf4 ndi c-Myc, m'maselo a mbewa. Maselowo anabwerera ku ukhanda, n'kutha kusandukanso a mtima, a ubongo kapena a chiwindi; maselo otere ndiwo ma stem cell. Mu 2007 zinathekanso ndi maselo a khungu la munthu wamkulu. Yamanaka analandira mphoto ya Nobel mu 2012 pamodzi ndi John Gurdon, amene mu 1962 anasonyeza ndi achule kuti selo lokhwima siliiwala malangizo a thupi lonse.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti asayansi safunikanso kukhudza mluza kuti apeze maselo otere, kachidutswa ka khungu kapena magazi n'kokwanira. Mu 2014 ku Kobe, mayi wina wachikulire wodwala maso anamuika maselo a m'diso opangidwa kuchokera ku khungu lake lomwe.

Koma ntchitoyi imachitikira mu labotale, imatenga masabata, ndipo maselo amene amasintha ndi ochepa kwambiri. Ngozi ilipo: c-Myc imakhudzana ndi khansa, ndipo maselo amene sanakhwime akatsalira amatha kupanga chotupa. N'chifukwa chake madokotala akadali kuyesa pa odwala ochepa, mosamala.

Tsono selo ndi chinthu chamoyo, chosachedwa kufa. Silingakhale moyo mu ufa wouma, pa shelefu, ndi kutentha kwa kuno ku Mangochi. Ngakhale likanakhala lamoyo, mimba ikanaligaya monga igayira usipa.

Chimene chingathandize bambo lero ndi mankhwala a BP osadumphitsa, ndi mafizo tsiku lililonse, kutambasula mkono ndi mwendo monga achipatala akuonetserani. Ndalamazo sungani za thiransipoti yopitira nawo kuchipatala, ndipo kapaketiko mukakaonetse adokotala ngati bambo anayamba kale kumwa.