Mbiri ya bambo amene anagwira ntchito pa Ilala: muilembe bwanji?

Mayi wina wandilembera kuti bambo ake, amene anagwira ntchito pa sitima ya Ilala zaka zambiri, anamwalira chaka chatha. Banja likukonza mwambo wa chiliza ndipo iye ndiye wapatsidwa udindo wolemba mbiri. Akufunsa kuti ayambire pati.

Achemwali, pepani kwambiri. Choyamba ndikupempheni kuti musalembe zija timamva pamaliro paliponse, zoti malemu anali munthu wabwino, wolimbikira ntchito, wokonda banja. Si zabodza, koma mawuwa angakwanire aliyense, ndipo adzukulu sadzadziwa kuti agogo awo anali ndani. Bambo anu anali munthu wapanyanja. Anthu amve nyanjayo mukamawerenga.

Taganizirani ntchito yake. Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera kuno zidutswazidutswa n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kunyamula anthu mu 1951. Kwa zaka zambiri ulendo wake unali wonyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kudzera ku Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe mpaka ku Chilumba, kenako kubwerera momwemo. Malo ambiri amene imaima alibe doko lokochezapo. Sitima imaponya nangula patali ndi gombe, antchito n'kutsitsa maboti, ndipo anthu, matumba a chimanga, malata, mbuzi ndi makanda zimadutsa m'manja mwawo, kawirikawiri usiku. Mwera ukalusa mu Juni ndi Julayi, boti limakwera ndi kutsika m'mbali mwa sitima, ndiye wogwira chingwe akachedwa pang'ono pokha munthu amagwera pakati. Mphepo ya mpoto ya nthawi ya dzinja nayo imabwera modzidzimutsa. Anthu apanyanja sanaiwale kuti sitima ya Vipya inamira mu 1946 pafupi ndi Chitimba n'kupha anthu 145. Munthu amene wagwira ntchito imeneyi mpaka kupuma wasunga miyoyo ya anthu ambiri amene sanamudziwe ngakhale dzina.

N'chifukwa chake zimandipweteka mbiri ikangoti "ankagwira ntchito m'sitima". Ntchito yanji? Wa ku injini, amene amakhala pansi m'phokoso ndi m'kutentha akuyang'anira mafuta ndi mapampu, si mmodzi ndi wa pachiwongolero, komanso si mmodzi ndi wophika kapena woyendetsa boti. Anzake akale akadzabwera pamwambowo adzadziwa ngati mwasokoneza, ndipo adzangokhala chete mwaulemu.

Palinso china chimene mbiri zambiri zimachita mopanda chilungamo. Zimatamanda bambo kuti analera bwino ana, n'kuiwala kuti pafupifupi sabata yathunthu iye amakhala pamadzi. Mwana akatentha thupi usiku, anapita naye kuchipatala ndani? Munda analima ndani? Mayi anu atchulidwe, osati pamzere wa "wasiya mkazi ndi ana" pokha ayi. Ndipo kukonda banja kwa munthu wapanyanja kumaonekera m'zinthu zing'onozing'ono: usipa wouma umene ankabwera nawo, mpunga wa ku Karonga, fizi yolipidwa asanakwere sitima, kapena tsiku limodzi lopuma limene analithera akukhoma denga. Sankhanipo ziwiri zimene ana nonse mukuzikumbukira, muzifotokoze monga zinachitikira.

Zoyenera kuchita

Pezani makalata a ntchito ndi a penshoni kuti zaka zikhale zolondola, chifukwa abale amatsutsana kwambiri pa chaka chobadwa ndi cholowa ntchito. Dziwani kuti makampani oyendetsa sitima zapanyanja akhala akusintha, kuchokera ku Malawi Railways, kufika ku Malawi Lake Services, kenako Malawi Shipping Company, choncho lembani dzina limene lili pakalatapo. Chezani ndi anthu atatu: mayi anu, m'bale wawo wamkulu wa malemu, ndi mmodzi amene anayenda nawo pa sitima, ambiri opuma ntchito mungawafunse ku Monkey Bay kapena ku Nkhata Bay. Musawafunse kuti anali munthu wotani. Afunseni za ulendo woopsa kwambiri umene anayenda limodzi.

Mbiri isapitirire masamba awiri, mphindi zisanu powerenga, popeza anthu amakhala ali padzuwa. Iwerengeni mokweza kunyumba kawiri, ndipo pakhale wina wokonzeka kupitiriza ngati misozi ingakugwireni. Akuluakulu a mbali zonse ziwiri aione lisanafike tsikulo. Ngati banja ndi lachikhristu, Salimo 107, ndime 23 mpaka 30, imakamba za anthu ogwira ntchito panyanja, namondwe ndi kufika padoko. Mutha kupempha abusa kuti awerenge. Zolemba pamwala zikhale zochepa, dzina, masiku ndi ntchito, ndipo muzione papepala mmisiri asanayambe kuzokota.