Thadzi lazyolika, silikudya: yambani ndi madzi, kapisozi adikire

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba amene amaweta nkhuku 9 kuseri kwa nyumba. Akuti thadzi lawo la Mikolongwe, la chaka ndi theka, latha masiku 3 lili chozyolika pakona pa khola. Nthenga zanyankhalala, lasiya kuikira, madeya silikuwayang'ana n'komwe, ndipo chitosi chake ndi chamadzimadzi choyererako. Zinzake zonse zili bwinobwino. Aneba awauza kuti alimwetse kapisozi ndi madzi a tsabola. Funso lawo ndi lakuti: "Ndilipatse chakudya chanji kuti lidzuke, nanga ndilisamale bwanji?"

Zikomo mayi polemba. Za chakudya tifikako, koma si poyambira.

Nkhuku imabisa matenda. Yodwala ikaonekera, zinzake zimaijompha n'kuithamangitsa podyera, ndiye imadzilimbitsa mpaka mphamvu zitatheratu. Pamene mwaiona itazyolika, inali itayamba kale kudwala. Ndipo chimene chingaiphe msanga panopa ndi ludzu, njala ibwera pambuyo. Thadzi lalikulu limamwa madzi pafupifupi 250 ml patsiku, kungopelewera pang'ono kudzaza botolo la Fanta, ndipo kukatentha ngati mu Okutobala limapitirira apo. Lanulo likutaya madzi m'chitosi koma silikubwezera.

Lichotseni m'khola lero lomwe. Katoni yaikulu yoboola m'mbali kapena dengu lovundikira n'zokwanira. Muiike pamalo opanda mphepo, pa kamdima pang'ono, kutali ndi agalu ndi ana. Pansi yalani nyuzipepala, pamwamba pake timankhusu ta mpunga kapena utuchi pang'ono. Nyuzipepalayo ikuthandizani kuona bwino mtundu wa chitosi m'mawa uliwonse. Thupi la nkhuku limatentha pafupifupi madigiri 41, ndipo yosadya imalephera kusunga kutentha kumeneko. Kunyankhalala kwa nthenga kuja ndiye kuti ikumva kuzizira. Thirani madzi ofunda m'botolo, likulungeni ndi nsanza, muliike mbali imodzi ya katoni kuti nkhuku izitha kuyandikira kapena kusuntha yokha. Mbaula ayi. Mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha nkhuku msanga kuposa munthu. Mukaiona yayasamula kukamwa, mapiko yatambasula, ikupuma mwawefuwefu, yatenthedwa: chotsani botololo.

Potumikira, yambani ndi zamoyo zija, yodwala ikhale yomaliza, kenako sambani m'manja ndi sopo. Mbale zake zikhale zakezake.

Tsopano madzi. Mu lita 1 ya madzi oyera ofundirako sungunulani supuni yaikulu 1 ya shuga ndi mchere kota ya supuni ya tiyi. Mcherewo musapyole muyezo, nkhuku sizipirira mchere ngati anthu. Madzi amenewa ndi a masiku 2 kapena 3 basi, kenako bwererani ku madzi wamba. Ngati pafupi pali sitolo ya mankhwala a ziweto, paketi ya mavitamini a nkhuku osungunula m'madzi imagwira ntchito yomweyo.

Yambani ndi kuviika nsonga ya mlomo m'kambale. Nthawi zambiri ikangolawa imakweza mutu n'kumeza, kenako imapitiriza yokha. Ikakana, ikulungeni ndi chitenje kuti mapiko asakupize, muikhazike pamiyendo panu itaima mmene imaimira pansi, mutu uli chowongoka. Tengani sirinji yopanda singano kapena supuni ya tiyi, mudonthezere dontho limodzi pambali pa mlomo, pamene mlomo wam'mwamba ndi wam'munsi imakumana. Dikirani imeze. Mudzaona kakhosi kakugwedezeka. Kenako dontho lina. Apa m'pamene anthu ambiri amaphera nkhuku zawo mwachikondi: amakanula mlomo, kupendeketsa mutu chagada, n'kukhuthulira madzi. Kumbuyo kwa lilime la nkhuku kuli kabowo kopumira, kamatseguka ndi kutsekeka mukayang'anitsitsa. Madzi akalowa mmenemo apita kumapapo, ndipo nkhuku singathe kuwakhosomola. Imayamba kulira ngati mkonono pakhosi, mawa lake yapita, inu n'kumati matenda aja anali oopsa. Muzipereka masupuni a tiyi 2, omwe ndi 10 ml, pa ola lililonse masana. Cholinga n'chakuti dzuwa likamalowa ikhale italandira 100 ml kapena kuposerapo.

Ikafundidwa n'kumwa kwa maola angapo, ipimeni ndi manja. Manja anu akuuzani zambiri kuposa aneba.

Gwirani chithokomiro, kathumba kaja kam'munsi mwa khosi chakumanja. Cha nkhuku yabwino chimadzaza madzulo, m'mawa n'kupezeka chaphwa. Choncho nthawi yabwino yochipima ndi m'bandakucha, isanalawe kanthu. Chikakhala cholimba ngati mpira, chatsekeka, kawirikawiri ndi udzu wautali, ulusi wa matumba a feteleza kapena tizidutswa ta jumbo. Musaipatse chakudya. Ipatseni madzi, mafuta ophikira theka la supuni ya tiyi modontheza muja, ndipo muzisisita chithokomirocho pang'onopang'ono chotsitsa kwa mphindi 2 kapena 3, kanayi patsiku. Chikakhala chofewa ngati chibaluni cha madzi, mkamwa mukutuluka fungo lowawasa ngati thobwa losasa, ndiye kuti chakudya chaolera momwemo. Apanso chakudya chiime kwa maola 12 mpaka 24, madzi okha. Ena amaizondotsa kuti isanze. Musayerekeze, imatsamwa.

Kenako pitani pa chidale. Fupa lapakati likakhala lakuthwa ngati mpeni, mnofu wauma mbali zonse, nkhukuyi yakhala ikunyentchera kwa masabata, osati masiku 3. Ganizirani nyongolotsi kapena tizilombo toyamwa magazi. Pekulani nthenga kunsi kwa mapiko ndi kuzungulira kotulukira chitosi: nsabwe zimathamanga pakhungu, mazira ake amaundana oyera patsinde pa nthenga. Utitiri umamatirira mozungulira maso ndi pa lipombo ngati timadontho takuda. Pakanipo Vaseline wokhuthala, umabanika n'kugwa pakapita masiku. Lipombo lotuwa m'malo mofiira ndi chizindikiro chakuti magazi achepa. Usiku kaunikeni ndi tochi m'ming'alu ya mitengo ya khola, chifukwa tizilombo tina timabisala mmenemo masana, n'kumatuluka kudzayamwa nkhuku zikagona. Ngati ndi choncho, kuchiza thadzi osasesa ndi kupopera khola n'kutunga madzi ndi dengu.

Popeza lanu lasiya kuikira, gwirani pansi pa mimba, pakati pa miyendo ndi mchira. Dzira likakakamira, nkhuku imaima chowongoka mchira uli pansi, ikukankha kosalekeza, ndipo mumamva chinthu cholimba chozungulira pafupi ndi potulukira. Ikhazikeni m'beseni la madzi ofunda ofika m'mimba kwa mphindi 15 mpaka 20, ipukuteni iume bwino, pakani mafuta potulukirapo, muibwezere mumdima. Mutha kubwereza pakatha maola angapo. Musafinye, dzira likaswekera mkati zigoba zimacheka. Vutoli silidikira, masiku 2 ndi ambiri. Mimba ikakhala yotupa, yofewa ngati muli madzi, nkhuku ikuyenda chotangadza, ndi matenda a m'njira ya mazira, ndipo kunena zoona zoterezi sizichira kawirikawiri pakhomo.

Chitosi choyera chamadzimadzi chisakuopseni chokha. Nkhuku sikodza padera. Choyeracho ndiwo mkodzo wake, ndiye ikapanda kudya chimatsala n'chomwecho, nthawi zina chosakanikirana ndi ndulu yobiriwira. Chimene chimalozeratu matenda ndi magazi m'chitosi, makamaka kwa anapiye ndi misoti nthawi ya dzinja pamene khola limanyowa. Nkhope yotupa, manthongo ndi mamina onunkha ndi chimfine. Tinkhanambo pa lipombo ndi nthomba.

Ngati chithokomiro chaphwa ndipo ikumeza bwino, tafika pa funso lanu. Madeya okha sangadzutse nkhuku yodwala. Amadzaza mimba koma zomanga thupi n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi 16 peresenti imene thadzi loikira limafuna. Phikani dzira lilimbe, mulinyenye, musakanize ndi masupuni aakulu 2 a layers mash kapena growers mash wonyowetsa ndi madzi ofunda, zikhale ngati phala lolimbirako. Ngati mulibe chakudya chogula, phikani phala la mgaiwa lopanda mchere, lizizire, muthiremo dziralo ndi supuni ya tiyi ya usipa kapena bonya wosinja. Soya alowemo pokhapokha ali wokazinga bwino. Wosakazinga amalepheretsa kugaya chakudya. Timasamba ta bonongwe, chisoso kapena chammwamba todula tating'onoting'ono tingalowe pa tsiku lachiwiri.

Muziika supuni imodzi kapena ziwiri pa kambale, kanayi kapena kasanu patsiku, ndipo chotsala muchichotse pakatha ola chifukwa chakudya chonyowa chimasasa msanga. Gogodani kambaleko ndi chala monga imachitira make poitana anapiye. Chinyengo china ndi chiswe: nkhuku imene yakana phala imajompha kanthu koyenda isanaganize n'komwe. Zikakanika zonsezi, umbani timibulu tochepa ngati nandolo, muike kamodzi kutsogolo kwa mlomo, imeze yokha, timibulu 5 mpaka 10 pa ulendo umodzi. Thadzi la msinkhu umenewo likakhala bwino limadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku. Tsiku loyamba likangodya kota yake, mwapambana.

Musaipatse chimanga kapena madeya a chuku, ngakhale zinzake zomwe. Poizoni wake amawononga chiwindi. Mapeyala ayi, nyemba zosaphika ayi, mkute wa ndiwo zamchere ayi. Mkaka umangowonjezera kutsekula. Chimanga chosakonola chiyambe chadikira mpaka idzayambenso kupalasa ndi kutola timiyala togayira m'nthutumba.

Nanga kapisozi ndi tsabola? Tsabola sachiza kanthu, ndipo mbalame sizimva n'kuwawa kwake komwe. Kapisozi wa anthu sapha nyongolotsi, satsegula chithokomiro, satulutsa dzira, sachiza chitopa. Pa chithokomiro chosasa amawonjezera vuto. Mlingo wake pa nkhuku ya makilogalamu 2 mukhala mukungolota. Mankhwala ayenderane ndi zimene manja anu apeza: piperazine ndi wa nyongolotsi zozungulira zokha, amprolium ndi wa kutsekula kwa magazi kuja (musamuphatikize ndi mavitamini, amamufoola), ndipo chimfine chimafuna mankhwala a nkhuku amene alangizi a ziweto a ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) angakuuzeni. Malizani masiku onse olembedwa pa paketi. Pa paketi pomwepo amalembanso masiku oyenera kudikira musanadye mazira kapena nyama yake. Ana asadye mazira amenewo, ndipo musawagulitse.

Za chitopa tinenepo mosabisa. Nkhuku imodzi yodwala masiku 3 pamene 8 zikudya bwino sizifanana ndi kachitidwe ka chitopa, chimene chimagwetsa zingapo motsatizana. Komabe matendawa amatha kubisala m'thupi masiku 5, nthawi zina mpaka masabata 2, ndiye khalani tcheru. Yachiwiri ikazyolika, mapiko atagwa ngati yavala jekete, chitosi chobiriwira, kupuma mobanika kapena khosi kupindika, itanani alangizi tsiku lomwelo. Chitopa chilibe mankhwala. Chilipo ndi katemera, monga wa I-2 amene amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe: dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ngakhale mwanapiye, pa miyezi 4 iliyonse. Amateteza yamoyo, yodwala kale saichiza. Ndipo chonde yodwala musathamangire nayo kumsika, ndi mmene matenda amasesera mudzi wonse.

Dziikireni malire. Pakatha maola 48 mukuisamala chonchi payenera kuoneka kusintha: maso kutseguka, kumwa yokha, kudzikonza nthenga ndi mlomo. Ikakhala kuti yagona chammbali, sikuimika mutu, sikumeza, kuipitiriza n'kuizunza chabe. Ipheni msanga, muikwirire m'dzenje lakuya loti agalu sangafukule kapena muitenthe pamodzi ndi katoni yake. Nkhuku yofa ndi matenda osadziwika si ndiwo.

Ikachira musafulumire kuibwezera. Idye yokha, chitosi chilimbe, papite sabata yathunthu. Zinzake zidzakhala zitaiiwala ndipo zidzailandira ngati mlendo, ndiye kwa masiku 2 muziiika m'dengu kapena kuseri kwa waya pabwalo pomwe zinazo zikudya, zizionana osakhudzana. Kenako muilowetse m'khola usiku zitagona, ndipo m'mawa muike mbale ziwiri za chakudya motalikirana kuti ikathamangitsidwa pa ina ikadye pa inzake. Mazira angachedwe masabata 2 mpaka 4 kuti ayambirenso. Pa nthawi imeneyi ikani pambali kambale ka zigoba za mazira zowamba pamoto ndi kusinja, izitola yokha ikafuna.