Za kuoda synth ku Joni

Mphwanga, wafunsa kuti munthu amaoda bwanji zoimbira ku Joni, makamaka ma synth (makina amagetsi okhala ngati kiyibodi, opanga mamvekedwe osiyanasiyana) a nyimbo zozizitsa thupi zija zoika m'mafilimu oopsa. Ine msewu wa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ndauyenda zaka 14. Ndalama ili m'makiyibodi a Yamaha ogula matchalitchi. Synth ogula ake ndi owerengeka, ndipo imodzi inatsala pang'ono kundigulitsitsa nyumba.

Anandipeza mnyamata wa ku Ndirande, akujambula filimu ya mphindi 12 ya mayi amene amamva kugogoda pakhomo usiku uliwonse chiikireni mwamuna wake m'manda. Kwaya ayi, gitala ayi. Ankafuna Korg MS-20 mini, ija imalira liwu limodzi lokha pa nthawi, yodzaza timabatani topotokola ndi mabowo olowetsamo timawaya. Anandisimbira za John Carpenter, amene anapeka yekha nyimbo ya filimu yake ya Halloween mu 1978, manotsi ochepa obwerezabwereza mpaka tsitsi kuima. Ndinakopeka, nkuwonjezera ndi ndalama ya katapila.

Pa boda ina, bwana wina anang'amba katoni, kuona timawaya tija, akuti ichi ndi chiwailesi cha asilikali. Ndikuti ndi choimbira bwana, akuti imbani timve. Chinthucho chilibe sipika! Ndinadina, zii. Anaseka, risiti yanga nkuipinda kuika m'thumba la malaya. Basi inanyamuka ndi makiyibodi anga asanu, ine kutsala masiku atatu ndikugona pakhonde, kudya mabanzi ndi madzi. Makiyibodi awiri sindinawaonenso. Bambo ameneyo nkhope yake ndimaionabe, ndi cholembera chake chimene ankagogodera patebulo ine ndikumupempha ngati mwana.

Ndiye mahedifoni asachoke m'thumba mwako, ndi adaputala yake yomwe. Risiti ikhale ndi mafotokope awiri, imodzi m'sokosi. Katundu wotere samupereka kwa kondakita, umamufungatira pamiyendo ulendo wonse. Zina zija uziphunzira wekha, inenso palibe anandiphunzitsa.

Filimuyo ndinakaionera m'chipinda cha mnyamata uja, ine ndi mayi akunyumba. Chitseko chikutseguka pang'onopang'ono, pansi pake kung'ung'udza kumodzi kokha ngati jenereta yakutali, kenako kukwera, kukwera, nkuduka. Mayi aja anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. Makina amenewo anabwera ndi manja angawa. Katapila uja ndinamaliza kubweza patatha miyezi 8.